Chicago, mzinda umene unabweza mtsinje m'mbuyo

Aliyense amene anakulira kunyanja amadziwa kuti mitsinje imathira m'nyanja. Bua, Linthipe, Dwangwa, Songwe, yonse imatsikira komweko, ndipo Shire yekha ndiye amatulukamo. Tsiku limene ndinaima pa mlatho wa Michigan Avenue mumzinda wa Chicago, nyanja ili kudzanja langa lamanja, maso anga anagwera pa tsamba limene linkayandama pamadzi. Linkayenda pang'onopang'ono, koma linkalowera kumanzere, kuithawa nyanja. Mtsinje wa Chicago suthira m'nyanja ya Michigan. Kale unkathiramo ndithu, koma mu 1900 anthu anautembenuza kuti uziyenda chobwerera. Nkhani ya mzindawu ndi bwino kuiyambira pamadzi pomwepa, chifukwa chuma chake, matenda ake, nyumba zake zazitali, ngakhale chilonda chake chachikulu, zonse zinayambira m'mphepete mwa madzi.

Chicago ali m'boma la Illinois, m'chigawo chapakati cha dziko la America chimene eni ake amachitcha Midwest. Muli anthu pafupifupi 2.7 miliyoni, ndipo pa kukula ndi wachitatu kutsatira New York ndi Los Angeles. Kum'mawa kwake konse ndi nyanja ya Michigan, ya madzi opanda mchere, yotambalala kuposa nyanja ya Malawi kopitirira kawiri. Tsidya lake silioneka.

Malowa anali dambo. Dzina lenilenilo linachokera ku mawu a eni nthaka akuti shikaakwa, mtundu wa anyezi wam'tchire wonunkha ngati adyo amene ankamera m'dambomo. Ndi malo osakopa maso, athyathyathya, amatope, ozizira koopsa. Koma anali ndi chinthu chimodzi chimene malo ena analibe. Makilomita ochepa chabe kumadzulo kwa mtsinje wa Chicago kumadutsa mtsinje wina, Des Plaines, umene madzi ake amakalowa mu Illinois, kenako mu Mississippi, mpaka kukafika kunyanja yamchere kummwera. Pakati pa mitsinje iwiriyi panali kamtunda kakang'ono. Eni nthaka ankafika ndi bwato, n'kulisenza kudutsa kamtundako, n'kulitsitsiranso m'madzi mbali inayo. Nthawi ya madzi ambiri ankangopalasa osatsika n'komwe. Afalansa awiri, Marquette ndi Jolliet, atadutsapo mu 1673, Jolliet anaona msanga kuti kungokumba ngalande pamenepa, theka la dziko lonselo lilumikizana pamadzi.

Munthu woyamba wochokera kunja amene anamanga nyumba n'kukhazikika pa mathiriro a mtsinjewu anali wakuda. Dzina lake Jean Baptiste Point du Sable, wamalonda wolankhula Chifalansa, amene anakwatira mkazi wa mtundu wa Potawatomi. Anali ndi nyumba yabwino, chigayo, nkhokwe ndi ziweto, ndipo anagulitsa zonsezo mu 1800 n'kusamuka. Kwa zaka zambiri mabuku ankapereka ulemu wa bambo wa mzindawu kwa mzungu John Kinzie, amene anadzakhala m'nyumba yomweyo pambuyo pake. Mlatho umene ndinaimapo uja anaupatsa dzina la DuSable mu 2010. Ponena za a Potawatomi, pangano la 1833 linawalanda nthaka yawo ndipo anawasamutsira kutsidya kwa Mississippi. Chaka chomwecho Chicago anakhala tauni, ali ndi anthu osafika 400.

Ngalande ya Jolliet inatsegulidwa mu 1848, yotalika makilomita oposa 150. M'chaka chomwecho njanji yoyamba inatuluka mumzindamu, ndipo amalonda anakhazikitsa msika wa mbewu wotchedwa Chicago Board of Trade. Kuyambira pamenepo chilichonse chochoka kuminda ya kumadzulo kupita kumizinda ya kum'mawa chinkadutsa pa Chicago: tirigu, chimanga, nkhumba, ng'ombe, komanso matabwa ochokera kunkhalango za kumpoto. Pamsika wa mbewu uja panabadwa nzeru imene inasintha malonda a dziko lonse. M'malo mosunga matumba a mlimi aliyense payekha, anayamba kusankha mbewu m'magiredi, kuzithira pamodzi m'nkhokwe zikuluzikulu, n'kumupatsa mwiniwake kapepala. Kapepalako n'kamene kankagulitsidwa. Posakhalitsa anayamba kugulitsana ndi mbewu zimene zinali zisanakololedwe, kupangana lero mtengo wa chimanga chimene chidzabwere miyezi ikudzayo. Mpaka lero amalonda akuluakulu a chimanga ndi soya padziko lonse amadzuka n'kuyang'ana kaye mtengo wa ku Chicago. Pofika 1870 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 300,000, ndipo mu 1890 anapitirira miliyoni.

Koma dambo ndi dambo. Misewu inali pafupifupi pa mulingo umodzi ndi nyanja, motero madzi a mvula ndi zonyansa za m'zimbudzi zinalibe kotsikira. Kolera wa 1854 anapha anthu oposa 1,000. Injiniya wina, Ellis Chesbrough, anapereka maganizo amene anaoneka ngati amisala: popeza mapaipi a zonyansa sangakwiriridwe pansi n'kukhala otsetsereka, ayalidwe pamwamba pa msewu, athiridwe dothi, msewu watsopano udutse pamwamba pake. Ndiye kuti misewu ikwera, m'malo ena ndi mamita oposa awiri, ndipo nyumba zitsala m'dzenje. Eni nyumba ananyamula nyumba zawo. Mu 1860, pa Lake Street, mdadada wa nyumba za njerwa ndi miyala wotalika pafupifupi mamita 100 unakwezedwa wonse nthawi imodzi. Amuna 600 analowa pansi pake ndi majeke 6,000, munthu aliyense majeke khumi, n'kumazungulitsa pang'onopang'ono onse pamodzi. Pa masiku asanu mdadadawo unakwera pafupifupi mita imodzi ndi theka, masitolo ali otsegula, anthu akulowa ndi kutuluka kugula zinthu. Mmodzi mwa amene ankayang'anira ntchitoyo anali George Pullman, amene anadzalemera ndi mabogi a sitima ogonamo.

Mapaipiwo anagwira ntchito, koma ankakhuthulira mumtsinje, mtsinje n'kukhuthulira m'nyanja, ndipo m'nyanjamo ndi mmene mzinda wonse unkatunga madzi akumwa. Anayesa kukatunga kutali, makilomita atatu kuchokera kugombe, koma mvula ikagwa yambiri uve unkafikabe. Tayifodi inkapha anthu chaka ndi chaka. Apa ndi pamene anaganiza zobweza mtsinje. Kuyambira 1892 anakumba ngalande ina, yakuya kuposa mtsinjewo, yotalika makilomita 45, kuboola kamtunda kaja kamene eni nthaka ankasenzapo mabwato. Madzi satsutsa, amatsata kotsika. Mu Januwale 1900 anatsegula, ndipo anachita mwakachetechete ndi mofulumira chifukwa ankadziwa kuti a ku St. Louis, mzinda wa kumunsi m'mbali mwa Mississippi, akuthamangira kukhoti kuti aletse. Mlandu unafika mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu 1906 Chicago anapambana.

Ntchitoyi ndi yogometsa, ndipo inapulumutsa miyoyo yambiri. Komabe tinene zoona: uvewo sanauthetse, anangoutumiza kwa anansi a kumunsi. Malo oyeretsera madzi a zonyansa anadzamangidwa patapita zaka. Khalidwe limeneli, lokankhira vuto kumene wamphamvu sakuliona, ndinakumana nalo mobwerezabwereza m'mbiri ya mzindawu, ndipo kumene linapweteka kwambiri ndi pamene linagwera anthu.

Tisanafike kumeneko, pali moto. Usiku wa pa 8 Okotobala 1871, chilimwe chitauma kwambiri, moto unabuka m'khola la banja la O'Leary pa DeKoven Street. Nyumba zambiri za mzindawo zinali zamatabwa, ndi misewu ina yomwe. Motowo unadumpha mtsinje kawiri, n'kuyaka mpaka pa 10. Anthu pafupifupi 300 anafa, nyumba zoposa 17,000 zinapsa, ndipo anthu 100,000, munthu mmodzi pa atatu alionse, anagona panja. Mphekesera inafala yakuti ng'ombe ya Mayi O'Leary inaponda nyali pamene ankaikama. Mayiyu anali mmphawi wochokera ku Ireland, wosavuta kumuloza chala, ndipo ananyamula manyaziwo mpaka kumanda. Khonsolo ya mzindawu inamuyeretsa mu 1997. Pa Michigan Avenue pakadali nsanja ya madzi ya miyala yachikasu imene inapulumuka motowo, yooneka yaing'ono kwambiri tsopano pakati pa zimphona zoizungulira.

Zimphonazo zinamera paphulusa. Malo apakati pa mzinda anakwera mtengo, ndipo njira inali imodzi, kumanga chokwera. Mu 1885 William Le Baron Jenney anamaliza nyumba ya Home Insurance ya nsanjika khumi, imene kulemera kwake kunkanyamulidwa ndi mafupa achitsulo m'malo mwa makoma okhuthala. Ambiri amaitenga ngati kholo la nyumba zonse zazitali za masiku ano. Willis Tower, imene eni mzinda amaitchabe Sears Tower, ndi yotalika mamita 442, ndipo inali yaitali kuposa zonse padziko lapansi kuyambira 1974 mpaka 1998. Pa nsanjika ya 103 pali timabokosi tagalasi totulukira kunja kwa khoma, munthu amaima n'kuona msewu pansi pa nsapato zake. Koma amene akufuna kuziona bwino nyumbazi akwere boti lamumtsinje, la ola limodzi ndi theka, lokhala ndi munthu wofotokoza. Ndalama imeneyo sindinaidandaule.

Chuma china chachikulu chinali nyama. Makola a Union Stock Yards anatsegulidwa pa Khirisimasi ya 1865, ndipo makampani a Armour ndi Swift anasandutsa kupha ziweto kukhala fakitale. Nkhumba inkapachikidwa mwendo pa tcheni n'kumayenda, munthu aliyense ataima pamalo pake ndi mpeni, kudula pamodzimodzi tsiku lonse. Henry Ford anavomera kuti nzeru yopangira galimoto pamzere woyenda anaitenga kumeneko. Mabogi okhala ndi madzi oundana ankanyamula nyamayo mpaka ku New York isanaonongeke. Ogwira ntchito anali obwera: a ku Ireland, Germany, Poland, Lithuania, kenako akuda ndi a ku Mexico. Ankagwira maola khumi kapena khumi ndi awiri, m'magazi ndi m'chisanu. Makolawo anatsekedwa mu 1971, patsala chipata chamiyala chokha.

Ndi m'moyo woterewu mmene munachokera tsiku limene ifenso timapuma pa 1 Meyi. Pa tsikuli mu 1886 antchito zikwizikwi ananyanyala pofuna kuti tsiku la ntchito likhale maola asanu ndi atatu. Pa 3 Meyi apolisi anawombera onyanyala pa fakitale ya McCormick. Mawa lake pa msonkhano wa pa Haymarket munthu wina, amene mpaka lero sanatsimikizidwe, anaponya bomba, ndipo apolisi anayamba kuwombera mumdima. Apolisi asanu ndi awiri ndi anthu wamba osachepera anayi anafa. Atsogoleri asanu ndi atatu anazengedwa mlandu popanda umboni woti anaponya bombalo, anayi ananyongedwa mu Novembala 1887, ndipo mu 1893 bwanamkubwa John Peter Altgeld anamasula atatu amene anali adakali m'ndende, akunena poyera kuti mlanduwo sunayende mwachilungamo. Mabungwe a antchito a m'mayiko ambiri anasankha 1 Meyi pokumbukira zimenezi. America mwiniwake amapuma tsiku la antchito mu Sepitembala.

Mu 1910 anthu akuda ku Chicago anali pafupifupi 44,000. Mu 1930 anapitirira 230,000, ndipo pofika 1970 anaposa miliyoni. Ankachokera kuminda ya thonje ya ku Mississippi, Louisiana, Alabama ndi Arkansas, kuthawa ngongole zosatha kwa eni minda, malamulo a tsankho ndi kuphedwa ndi magulu a azungu. Nyuzipepala ya Chicago Defender, imene Robert Abbott anayambitsa mu 1905, inkawaitana, ndipo ogwira ntchito akuda a m'mabogi a Pullman ankaizembetsa kupita nayo kummwera kumene akuluakulu sankaifuna. Anthu ankakwera sitima ya Illinois Central ndi sutikesi imodzi ndi adiresi ya mbale pakapepala. Ntchito anaipeza. Malo okhala ndiwo anavuta. Eni nyumba achizungu ankasayinirana mapangano oti asagulitse kapena kuchititsa lendi kwa wakuda, motero onse obwerawo anapanikizidwa m'kachigawo kopapatiza kummwera kwa mzinda, kumene nyumba ya banja limodzi inkaduliridwa m'tizipinda, banja lililonse kachipinda kake, chimbudzi chimodzi, lendi yokwera kuposa imene mzungu ankalipira kwina.

Malire amenewa analowa ndi m'madzi momwe. Panalibe lamulo logawa magombe, koma aliyense ankadziwa kuti gombe la pa 29th Street ndi la azungu. Pa 27 Julayi 1919, tsiku lotentha, mnyamata wa zaka 17, Eugene Williams, anali kusewera ndi anzake pa kabwato ka matabwa, ndipo madzi anawakokera kudutsa mzere wosaonekawo. Mzungu wina anayamba kuwagenda miyala. Eugene anamira. Wapolisi amene analipo anakana kumanga wogendayo. Kwa sabata yathunthu mzinda unayaka: anthu 38 anafa, 23 akuda ndi 15 azungu, oposa 500 anavulala. Zitatha izi malire anangolimba. Kuyambira m'ma 1930 mapu a boma anajambula madera a akuda ndi inki yofiira, kutanthauza kuti ndi oopsa kubwereketsako ndalama, ndipo mabanki anatseka zitseko. Banja limene silingapeze ngongole ya nyumba silisiyira ana nyumba, ndipo kusiyanako kumakula m'badwo ndi m'badwo. Martin Luther King atabwera mu 1966 kudzatsutsa tsankho la nyumba, anagendedwa mwala m'mutu ku Marquette Park.

Koma m'kachigawo kopanikizika komweko, kotchedwa Bronzeville, munatuluka zimene dziko lonse likuvina ndi kuimba lero. Thomas Dorsey, amene poyamba ankaimba m'malo omwera mowa, analowetsa kamvekedwe ka blues m'tchalitchi cha Pilgrim Baptist, ndipo pamodzi ndi mawu a Mahalia Jackson anaumba nyimbo za gospel monga tikuzidziwira. Muddy Waters anafika kuchokera ku Mississippi mu 1943, n'kupeza kuti gitala yake yakumudzi siikumveka m'phokoso la m'tauni. Anaipatsa magetsi, ndipo rock yambiri inamera pamenepo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, m'kalabu yotchedwa Warehouse, kunja kwa kachigawoka chapakati pa mzinda, Frankie Knuckles anayamba kusakaniza malekodi m'njira imene inadzatchedwa house, kholo la kwaito ya ku Johannesburg. Kummwera kwa mzindawu ndi kumenenso kunatuluka Harold Washington, meya woyamba wakuda mu 1983, ndiponso kumene Barack Obama anayambira ntchito yosonkhanitsa anthu a m'madera osauka mu 1985.

Chichewa nachonso chili ndi kangodya kake kummwera kumeneku. Ku Hyde Park kuli University of Chicago, kumene Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a digiri mu 1931 asanapite kukaphunzira udokotala ku Meharry. Ali kumeneko anagwira ntchito ndi Mark Hanna Watkins, wophunzira wakuda wa ku America wofufuza zilankhulo. Kamuzu ankalankhula, Watkins n'kumalemba, ndipo mu 1937 munatuluka buku la A Grammar of Chichewa. Ndinayenda pakati pa nyumba zamiyala za pasukulupo ndikulingalira mnyamata wa ku Kasungu, kunja kukugwa chipale chofewa, akubwereza mawu a kwawo mmodzimmodzi kuti mnzake amve pamene liwu lakwera ndi pamene latsika. Pasukulu yomweyi, pansi pa bwalo la mpira, ndi pamene Enrico Fermi ndi anzake anayatsa koyamba mphamvu ya nyukiliya yoyendetsedwa ndi anthu pa 2 Disembala 1942.

Mlendo wa lero ali nazo zambiri zoona. Ku Millennium Park kuli Cloud Gate, chitsulo chonyezimira chooneka ngati njere ya nyemba, mmene mzinda wonse umaonekera ngati pagalasi. Ku Field Museum kuli mafupa a dinosaur wotchedwa Sue, komanso mikango iwiri ya ku Tsavo imene inkadya omanga njanji ku Kenya mu 1898. Pizza yawo ndi yokhuthala, yofuna mpeni ndi foloko, ndipo pa hot dog sathira ketchup. Ku Pilsen ndi Little Village mumamveka Chisipanishi, pa Devon Avenue pamanunkhira zokometsera za ku India ndi Pakistan. Mu Malichi, pa chikondwerero cha St. Patrick, amathira mankhwala mumtsinje n'kukhala wobiriwira, mwambo umene unayamba mu 1962. Za kuzizira musamve zongokuuzani. Mu Januwale mphepo yochokera kunyanja imalowa pakati pa nyumba zazitali n'kumenya kumaso mpaka misozi kutuluka, ndipo m'masiteshoni anthu amaunjikana pansi pa nyali zotenthetsa ngati anapiye.

Koma chimene ndingamuuze munthu kuti achite, ngati ali ndi tsiku limodzi lokha, ndi kukwera sitima ya Red Line kuchokera ku Howard, kumpoto, mpaka ku 95th Street, kummwera, n'kumangoyang'ana amene akukwera ndi amene akutsika. Kumpoto bogi limakhala losakanikirana, azungu ambiri, ena ndi zisoti za Cubs, timu ya masewera a baseball. Likadutsa pakati pa mzinda amatsika pang'onopang'ono. Mukapitirira pa 35th Street, pamene pali bwalo la timu ina ya White Sox, mumangozindikira kuti pafupifupi aliyense m'bogimo ndi wakuda. Palibe chikwangwani, palibe wolondera. Kafukufuku wa New York University wa 2019 anapeza kuti munthu wa ku Streeterville, pafupi ndi mlatho uja, amayembekezeka kukhala zaka 90, pamene wa ku Englewood, makilomita osafika 15 kummwera, zaka 60. Nkhani za kunja zikamanena za mfuti ku Chicago zimakhala zikunena za madera ochepa a kummwera ndi kumadzulo, omwe aja anajambulidwa ndi inki yofiira, kumene mafakitale anatseka ndipo khonsolo ya maphunziro inatseka sukulu pafupifupi 50 m'chaka chimodzi cha 2013. Sizinena za mayi amene anakhala moyandikana nane atavala yunifolomu ya kuchipatala, akuwodzera pochokera ku ntchito ya usiku, kapena za mizere ya nyumba za njerwa zosesedwa bwino zimene ndinazipeza nditatsika.

Gombe lokha ndilo linatetezedwa kuti likhale la onse. Mapu a 1836 analemba kuti malo a m'mphepete mwa nyanja akhale otseguka mpaka kalekale, ndipo wamalonda Aaron Montgomery Ward anathera zaka pafupifupi 20 m'makhoti kuletsa kumangapo. Lero pali njira ya oyenda pansi ndi apanjinga yotalika makilomita pafupifupi 30. Ndinaitsata tsiku lina mu Julayi kulowera kummwera mpaka pafupi ndi 29th Street. Gombe lakale lija kulibenso, anathirapo dothi n'kudzala udzu, ndipo pali mwala wokhala ndi chikwangwani chofotokoza za 1919. Ndinawerenga dzina la Eugene Williams, kenako ndinapitirira pang'ono kufika pagombe la pa 31st Street. Mabanja anali akuwotcha nyama, wailesi ikulira, wopulumutsa anthu atakhala m'kabwato kake chapatali pang'ono, ndipo ana anali m'madzi mpaka m'chiuno, akukuwa chifukwa cha kuzizira kwake koma osafuna kutuluka.